Moto wa Wezi

Chaka chimene ndikunenachi anthu a kuno amachitcha chaka cha gaga, chifukwa pofika Febuluwale nyumba zambiri zinkadya gaga amene masiku onse timapatsa nkhumba. Ine gaga sindinalawe ngakhale tsiku limodzi. Pakhomo panga utsi unkafuka katatu patsiku, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Koma mwana amene anatsala pang'ono kufa ndi njala pamudzi pathu chaka chimenecho anali wanga.

Kwathu ndi ku Dowa. Ndinakwatiwa kuno kummwera kwa Mzimba, m'mudzi wina pakati pa Jenda ndi nkhalango za ku Luwawa. Kwathu ndinali Nabanda, kuno anandisandutsa NyaBanda. Mwana wanga Wezi atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, bambo ake anakwera basi ya ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kuno. Ndinatsala ndi mwana, munda, ndi apongozi anga aakazi, amene khomo lawo linayang'anizana ndi langa.

Novembala

Mvula inachedwa. Mitambo inkaunjikana masana cha kumapiri, mphezi n'kung'anima, kenaka mphepo n'kuimwaza yonse ife titatulutsa kale ndowa panja.

Chimanga cha chaka chapitacho chinali chitakanika. Dzuwa linachiwotcha chikumasula ngayaye, chotsalacho mbozi zinamaliza. Koma soya, mtedza ndi nyemba zinachita bwino m'munda mwanga, moti kuchipinda kunali matumba atatu a soya, thumba la mtedza ndi ndowa ziwiri za nyemba. Ine ndikalowa kuchipindako sindinkaona chakudya. Ndinkangoona kuti chimanga chatsala matumba awiri.

Ku Jenda nkhani inali imodzi. Uyu akuti malire a Zambia atsekedwa, chimanga cha panjinga sichilowanso. Uyo akuti mavenda akubisa podikira Febuluwale. Wina akuti boma lagula chambiri, chili m'njira, anzake n'kumuseka. Ine ndine munthu wosakhazikika, ndikamva chinthu chimandiyabwa mpaka ndichitepo kanthu. Ndinabwereka ngolo n'kupakira soya, mtedza ndi nyemba, kusiya kambewu kokha.

Ndikupakira choncho anabwera NyaShaba, mkazi wa malemu alamu anga, amene anasiyidwa ndi ana anayi. Anaima manja ali kumbuyo, akuyang'ana matumba.

"Sungako ndowa imodzi ya soya, NyaBanda," anatero. "Ya bala la mwana."

Bala ndi phala kunoko. Chaka changa choyamba ndinkadabwa kuti anthu awa amadyetsa bwanji ana chilonda.

"Soya ndi chakudya?" ndinamuyankha. "Unamuona ndani atagonera soya n'kunena kuti wadya?"

"Mbwenu, ni vyako," anatero, n'kubwerera kwawo.

Ngolo inabwerako itadzaza chimanga. Ndinapita nacho kuchigayo, kukonola, kuviika, kuyanika, ufa kuyera mbee. Mgaiwa ndinkauyesa wa anthu ovutika. Gaga ndinkamupatsa NyaShaba ndikunena kuti ndi wa nkhumba, tonse awiri tikudziwa kuti nkhumba alibe.

Disembala

Mvula inagwa sabata yoyamba, tinadzala. Chimanga chitangomera inadula milungu iwiri, ndipo m'mawa uliwonse ndinkazungulira munda ngati kuti kuyenda kwangako kuitana mitambo. Ena anadzalanso kachiwiri. Apongozi anati tidikire, ine ndinadzala m'mapando mmene munafa osawauza.

Ndalama ya ku Joni inasiya kubwera mwezi womwewo. Bambo a Wezi anati ntchito yomanga yaima, mabwana apita kutchuthi, tipirire. Kupirira nditakhala pansi sindikutha. Ndinayamba kupikula tomato kwa a madimba n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu ku Jenda, kuthamangira basi iliyonse ndi mbale pamutu. Kuchoka pamudzi kukafika kumeneko ndi ola ndi theka wapansi, ndiye mwana kumsana, dengu pamutu, sizikanatheka.

Wezi anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri, akuyamwabe. Ndinapaka tsabola kubere. Analira masiku atatu, lachinayi anangolipenya n'kutembenuka. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka m'mamawa, kuphika phala la ufa woyera, kuthira shuga ndi mchere, n'kusiya poto kwa apongozi. M'mawa phala, masana phala, cha m'ma folo koloko phala. Madzulo kansima konyowetsa mumsuzi. Ndiwo zenizenizo tinkati mwana atsamwa nazo. Nkhuku zambiri zinali zitafa ndi chitopa, ndipo mazira a ziwiri zotsalazo palibe akanawakhudza, tinkafuna anapiye.

Apongozi ankamukonda Wezi, zimenezo sindidzakana. Ankapita naye kumunda ali kumsana, kumuyimbira, kumupemerera phala mpaka lizizire. Ndikafika madzulo ankandionetsa poto wopanda kanthu.

"Wamara lose, mkamwana," ankatero monyadira, kuti wamaliza lonse. Mkamwana ndi mmene amatchulira mkazi wa mwana wawo.

Ine ndinkagwira kamimba ka mwana, n'kupeza kali ndi! Mtima unkakhala pansi.

Januwale

Njala inalowa m'mudzi mwezi umenewu. Ndalama imene m'Okutobala inkagula ndowa ziwiri za chimanga tsopano inkavutikira imodzi, ndipo mavenda anayamba kugulitsa ndi kambale. Amuna ankapita kuganyu m'minda ya fodya n'kulipidwa gaga. Amayi ankaphika mango osapsa. Kunamveka kuti ku Boma chimanga chafika, anthu anakwera matola, n'kubwerako ndi matumba opinda m'khwapa. Kenaka kunabwera olemba maina a chithandizo. Langa sanalembe, anati nyumba ya mwamuna wa ku Joni. Ndinakalipa pang'ono pofuna kuti anthu amve, koma mumtima ndinakondwa kuti akundiwerengera m'gulu la osavutika.

NyaShaba sankakhala pakhomo. Lero ali ndi amayi anzake kunkhalango kukazula bowa, mawa ali kuchulu kutchera ngumbi, mkuja akuthyola nkhwani ndi khwanya m'munda. Nsima yake inali ya gaga, yakuda, kamodzi patsiku, ndipo ndiwo zinkachuluka kuposa nsimayo. Ana ake ankawotcha ziwala, kutola masuku otsalira, chilichonse cholowa m'kamwa. Anaonda, mawondo kutuluka, koma ankathamanga tsiku lonse ndi phokoso. Ndinkawayang'ana n'kumva chisoni, chisoni chija chokhala ndi kunyada m'kati.

Wezi anatsegula m'mimba sabata yathunthu. Zitasiya, masaya ake anayamba kudzaza. Kutchalitchi amayi ankamutsina tsaya.

"Mwana wa NyaBanda wanenepa chomene! Njala iyi yikumujumpha waka." Akuti njala ikungomulambalala.

Ndinamuveka diresi yake yabwino, kumujambula pafoni n'kutumiza ku Joni. Bambo ake anayankha kuti ndine mkazi weniweni. Chithunzicho ndili nachobe, koma sinditha kuchiyang'ana.

Kusikelo ndinajomba kawiri, chifukwa tsiku lake linkagundana ndi tsiku la msika. Ndinkati mwana wonenepa chonchi akamuyeza chiyani. Zina zonse ndinkaziona, koma chilichonse ndinachipezera chifukwa. Anasiya kuyenda, n'kumangofuna kunyamulidwa: ndinati agogo ake amulemeretsa ndi kumsana. Anasiya kuseka, n'kumangodandaula ndi kamawu kotopa: ndinati ndi mano. Tsitsi linafiira n'kumathothoka posambitsa: ndinati ndi sopo. Phala anayamba kulikankha, ine n'kumamukakamiza ndi sipuni, kumukalipira kuti ana a anzako akulirira chomwechi.

Febuluwale

Chimanga m'munda chinafika m'chiuno, chobiriwira bwino, koma chosadyeka. Maliro anayamba kumveka m'midzi yoyandikana, a nkhalamba ndi a ana. Anthu ankayenda pang'onopang'ono, ine ndekha ndiye ndinkathamangabe.

Lamulungu lina ndinafuna kumuveka Wezi tinsapato tapulasitiki timene bambo ake anatumiza. Sitinalowe. Mapazi anali atatupa, akunyezimira, zala zitamira. Nditamuvula kuti ndimuone bwino ndinapeza m'ntchafu ndi kumatako khungu litada, likusupuka, pansi pake pofiira ngati munthu wapsa ndi madzi otentha. Ndinathamanga naye kwa apongozi.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine, kuyang'ana kumene anali asanandiyang'anepo.

"Mwana uyu wali na moto."

Ndinagwira mwana pamphumi. Panali pozizira.

"Sakutentha, amama. Gwirani muone."

Sanagwire. Anatenga mwana m'manja mwanga n'kulowa naye m'nyumba mwawo.

Ndi NyaShaba amene anandimasulira, titaima kuseri kwa khola. Moto umene ankanena si kutentha thupi. Ndi matenda amene amati mwana amatupa nawo, khungu n'kusupuka, pamene mmodzi wa makolo ake wagona ndi munthu wina n'kubwera kudzagwira mwana kapena kumuthirira mchere m'chakudya. Nditamva choncho ndinamvetsa msanga, chifukwa kwathu ku Dowa ziliko, timati tsempho. Ndipo bambo a mwana anali ku Joni chaka chathunthu ndi miyezi, osamugwirapo. Wothira mchere m'phala ndinali ine.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utawerengera kale. N'chifukwa chiyani analetsa mwana bere mwadzidzidzi? N'chifukwa chiyani tsiku ndi tsiku ali ku Jenda, kumene amaima a malole? Ena akudya gaga, iye ufa woyera ndi shuga akuzitenga kuti, ndalama ya ku Joni inasiya kale? Zonse zimene ndinkanyadira zinasanduka umboni.

Ndinapsa mtima. Ndinalumbira pakati pa bwalo, kutchula Mulungu, kutchula amayi anga. Apongozi anangoti, "Ulula waka, mkamwana, ndapota. Mwana wafwenge." Ulula basi, mwana afa. Anali akulira ponena zimenezo. Anabwera ndi mizu, kumusambitsa, kumumwetsa, koma anati mankhwala sagwira mpaka wolakwa aulule.

Ndinati tipite naye kuchipatala. Anakana, anati jakisoni ndi moto siziyenderana, mwana akabayidwa ndiye wapita. Ndipo kuno mkazi sangonyamuka ndi mwana. Ng'ombe zitaperekedwa kwa makolo anga, mwana ndi wa pamudzi pano, mayi ake amangolera. Ndinaimbira bambo ake. Anamvetsera, n'kunena kuti ndichite zimene amama akunena, n'kudula.

Masiku anayi ndinangozungulira pakhomo, kulowa, kutuluka, kugwira khasu, kulisiya. Kutupa kunakwera mpaka m'manja, maso n'kutsala timing'alu. Lachisanu m'mawa NyaShaba anandipeza pachitsime.

"Wanga woyamba anatupa chomwechi," anatero osandiyang'ana. "Anati ni moto wa adada ake. Adada ake anaulula, tinamwa mankhwala tose. Sabata yikamara yayi, tinamuika. Luta nayo ku Boma, NyaBanda. Lero amama akupita kumaliro." Wake sanathe sabata, ndiye wanga ndipite naye kuchipatala.

Sindinatenge ngakhale bulangete. Apongozi atangokhota pa mtengo wa muwanga, ndinabereka mwana n'kudzera njira ya kumadimba. Ku Jenda ndinakwera minibasi yoyamba, ndipo njira yonse mpaka ku Mzimba ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma.

Kuchipatala anatilandira namwino wina wamfupi, wolankhula Chichewa cha ku Ntcheu. Sanafunse zambiri poyamba. Anagwira mapazi onse awiri a Wezi, kudinikiza ndi zala zake zazikulu, kuwerenga mpaka katatu, n'kuchotsa. Panatsala maenje awiri, osabwerera.

"Njala iyi, mayi," anatero.

Ndinakwiya. "Mwana wanga sanagonepo ndi njala. Funsani aliyense."

"Wakhala akudya chiyani?"

"Phala katatu patsiku. Nsima madzulo."

"Phala la chiyani?"

"La ufa woyera. La shuga."

"Mumathiramo chiyani china?"

"Mchere."

"Nsinjiro? Soya? Dzira? Usipa wosinja? Masamba? Kamafuta?"

Chilichonse chimene ankatchula ndinkapukusa mutu, ndipo pofika kumapeto ndinali nditayang'ana pansi.

"Akuyamwa?"

"Ndinamuletsa m'Disembala."

Anapumira m'mwamba, koma sanandikalipire. Anakoka mpando n'kukhala.

"Chimanga n'chabwino, chimapatsa mphamvu. Inu mukadya nsima mumanyamula dengu mpaka kumsika. Koma inu munamangidwa kale, uyu akumangidwa panopa. Mnofu, magazi, khungu, tsitsi, ubongo, zimenezi ufa woyera sungamange. Zimafuna nyemba, soya, mtedza, mazira, nsomba, mkaka, kanyama kalikonse ngakhale ngumbi. Masamba ndi zipatso ndiye zomutchinjiriza ku matenda. Kamafuta kamathandiza kuti kamimba kakang'ono aka kapeze mphamvu zambiri m'chakudya chochepa. Bere linkamupatsako zonsezi, mutalichotsa panalibe cholowa m'malo. Ndipo pokonola paja, kabwino ka chimanga kamapita ndi gaga."

"Nanga kunenepaku?"

"Si kunenepa, ndi madzi. Thupi likasowa zomangira limalephera kusunga madzi m'malo mwake, amangodzaza m'miyendo ndi kumaso. M'kati mwa madziwa muli mwana woonda kwambiri. Mumuona posachedwa."

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa monong'ona za moto.

"Kwathu amati tsempho, kuno amati moto," anatero akulemba pakhadi. "Ine ana otupa ndimawaona chaka chilichonse, ndipo amachuluka Febuluwale ndi Malichi. Kodi anthu amachimwa miyezi iwiri yokhayi?"

Malichi

Ndinkayembekezera kuti amudyetsa mazira ndi nyama tsiku lomwelo kuti abweze zonse. Ayi ndithu. Anayamba ndi kamkaka kopyapyala m'kapu, pang'onopang'ono, maola atatu alionse. Ndinkaona ngati akumumana. Tsiku lina ndinagula bisiketi pageti, namwino uja anandigwira nayo.

"Mukufuna kumupha? Thupi lake latopa, silingalandire zambiri kamodzi. Khalani pansi, mayi. Kodi simutha kukhala pansi?"

Sindinkatha. Ndinkayenda m'khonde la wodi uku ndi uku mpaka amayi anzanga ananditcha mlonda.

M'mawa uliwonse ankamuyeza pasikelo, ndipo sikelo inkatsika. Ine ndikudandaula, anamwino akukondwa, akuti madzi akuchoka. Patatha sabata ndi masiku ndinamuona mwana amene anandiuza uja. Timikono ngati timitengo ta nandolo, khungu la kumatako likulendewera, nthiti zonse poyera. Ana a NyaShaba amene ndinkawamvera chisoni anali zimphona poyerekeza ndi uyu. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, kulira kwa manyazi. Pabedi loyandikana nafe mwana wina wa ku Euthini, amene anafika atatupa ngati Wezi, sanatuluke wamoyo.

Kenaka anayamba kulirira kapu. Anamusinthira mkaka, n'kudzamuyambitsa chiponde, chija cha mtedza cha m'timapaketi. Zilonda zinauma. M'mawa wina mayi wa pabedi la kutsogolo anayetsemula mwamphamvu, Wezi n'kuseka. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi kampata pakati pa mano.

Masana ankatiphunzitsa kuphika kuseri kwa wodi. Mgaiwa, osati woyera. Soya wokazinga n'kugayitsa pamodzi ndi chimanga. Nsinjiro, masamba osinja, dzira likapezeka, kasipuni ka mafuta. Mwana adye kasanu, m'mbale yakeyake, ndipo ndiwo adye zenizeni, osati msuzi wokha. Ankatiwerengetsa magulu a zakudya ngati ana a sukulu: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, masamba, zipatso, za mafuta. Palibe chimene anatchula chimene sichimera kapena kuyenda m'mudzi mwathu. Ndinapita kumsika wa pa Boma kukagula soya woyambira, ndipo wogulitsa ananditungira ndi kakapu, pamtengo umene sindinayerekeze kuutsutsa.

Kuchokera kumudzi sikunabwere munthu kupatula NyaShaba, kamodzi, ndi maungu awiri oyamba. Anandiuza kuti kumudzi akuti ndathawa chifukwa ndikudziwa chimene ndinachita. Foni ya ku Joni inkangoitana.

Tsiku lotuluka namwino uja anandigwira pamkono.

"Miyezi ikubwerayi ndiye yoopsa. Akabwerera ku phala loyera lija atupanso, ndipo kachiwiri ambiri sitiwabweza. Amene azimuphikira akhale munthu amene wamva zimene mwamva inuzi."

Epulo

Tinafika pamudzi anthu akuwotcha mondokwa. Paliponse makoko a maungu, ana milomo ili mbuu, maliro atachepa. Njala inali ikutuluka.

Apongozi anathamanga kudzalandira mwana. Atamumasula pansalu n'kuona timikono tija, anakhala pansi.

"Wamumara mwana! Wakaluta wakututuŵa, wawera viwangwa!" Anapita wonenepa, wabwera mafupa okhaokha.

Ndinayesa kufotokoza za madzi, za soya, za sikelo. Zinali ngati ndikulankhula ndi mtondo.

Nkhani anaikamba Loweruka, pakhonde la apongozi. Anaitana abambo aang'ono a mwamuna wanga kuti aweruze za pabanja. Foni anaiika pampando pakati pathu, atatsegula kuti tonse timve, bambo a Wezi ali ku Joni akumvetsera. Akuluwo analankhula mofatsa, m'Chichewa, kuti ndisadzanene kuti sindinamve.

"NyaBanda, ife sitikufuna viwawa. Munatenga mwana wathu mwakuba, talekerera. Sono moto uchali m'thupi mwake, taonani mmene waondera. Njira zilipo ziwiri. Muulule, tipange mankhwala, nkhani ithe, mukhale pano mulere mwana. Mukakana, mbwenu ife sitingasunge munthu amene akupha mwana wathu mwadala. Mupite kwanu ku Dowa. Mwana atsala, ni wa pano."

Ndinayang'ana foni ija. "Bambo a Wezi, mukundidziwa ine. Nenani kanthu."

Inangoti phwii, kenaka mawu ake, akutali: "Yowoya waka unenesko." Nena zoona basi.

Zoona ndinali nditanena kale, pabwalo, mokuwa. Ndikanatha kupita kwa mfumu, kapena kukhoti ku Boma, mwina ndikanawina. Koma zimenezo ndi miyezi, ndipo miyezi imeneyo mwana akanakhala akudya m'nyumba ya wina. Ndinatembenukira kwa apongozi.

"Amama, ndikapita, mwanayu muzimupatsa chiyani?"

"Bala loyera, la shuga, monga ndinalerera adada ake," anayankha msangamsanga, ndi mtima wonse. "Vya soya ivyo vikununkha. Mwana wangarya yayi." Zasoya zikununkha, mwana sangadye.

Sankanama, ndiponso sankafuna kumupweteka. Akanamuphikira katatu patsiku, kumupemerera, kumuyimbira, mpaka kumuika m'manda.

Wezi anali pamiyendo panga akufinya kapaketi ka chiponde, chala chili m'kamwa. Kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho ndinakhala phee, osagwedeza ngakhale phazi.

"Ndinachita," ndinatero.

"Na njani?" Ndi ndani?

"Wa lole ya matabwa. Dzina sindinafunse."

Foni inadula. Akulu aja anayang'ana pansi. Apongozi anakwawa ndi mawondo kudzandigwira manja onse awiri, misozi ili chuchuchu.

"Yewo, mkamwana. Yewo chomene. Wamuponoska mwana." Wamupulumutsa mwana.

Mankhwala awo anati athiridwe m'phala la mwana, ndipo wophika akhale mayi wolakwayo. Ndinaphika ndine. Ndinathira mgaiwa wa soya, nsinjiro, nkhwani wosinja ndi mafuta, pamwamba pake n'kuwaza kamuzu kawo, pang'ono kwambiri. Wezi anamaliza mbale yonse, anthu akuonerera.

Meyi

Tinakolola bwino ndithu chaka chimenecho. Mavenda anabwera ndi masikelo awo mpaka pamudzi, ine osawatulukira. Wezi anayambanso kuyenda, poyamba mogwira khoma, kenaka kuthamangitsa anapiye. Tsitsi linamera lakuda. Aliyense womuona ankati taonani mphamvu ya kuulula, ndipo amayi ena anayamba kubwera kwa apongozi kudzafunsa muzu umene anagwiritsa ntchito. Amene ankabwera kwa ine kudzafunsa za phala anali NyaShaba ndi awiri ena basi, mobisa.

Kutchalitchi anandiimitsa mgonero chaka chathunthu. Ku Jenda sindinapitenso ndi dengu. Bambo a Wezi anabwera patatha zaka zitatu ndi mkazi wina, n'kumanga nyumba yamalata kumtunda kwa khola. Ine ndili m'nyumba yomwe ija. Apongozi anamwalira akundikonda, akuuza anthu kuti mkamwana wawo analakwa koma ali ndi mtima.

Wezi tsopano ali Sitandade 7, ndipo wandipitirira kale msinkhu. Mwezi wathawu anabwera kuchokera kusukulu osapereka moni, n'kukhala pamwala pafupi ndi pamene ndinkasenda nyemba. Mnzake wina anali atamunyoza ndi nkhani yanga ija pamkangano wa mpira.

"Amama, munthu yura wakaŵa njani? Wa lole." Munthu uja anali ndani?

Ndinasiya nyemba. Ndinamuuza kuti kunalibe munthu, kunalibe lole. Ndinamuuza za ufa woyera, za maenje m'mapazi ake, za foni pampando. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, maso ali pa manja anga.

"Sono mukazomera chifukwa wuli, usange mukachita yayi?" Nanga munavomereranji ngati simunachite?

"Kuti ndizikuphikira ndine."

Anatola nyemba imodzi imene inagwera pansi, kuiponya m'lichero, n'kunyamuka kukasintha yunifolomu. Mpaka lero sanandiuze ngati anakhulupirira.